Mfuti ya mlombwa

Amalume anga a Barnaba anamwalira chaka chatha nyengo ya mwera, ndipo chichokereni kumanda tsiku lija sindinalankhulepo ndi mlongo wanga Joramu. Abale atikhazika pansi kawiri konse. Akuti chaka chakwana, tikumanga chiliza, ndiye mkwiyo nawo ukwiriridwe. Ine ndawayankha kuti simenti ndigula, ndiwo za omanga ndiphika, koma mtima wanga ausiye momwe uliri. Ndikadali wokwiya, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Munthu ndikunenayu anali mlongo wa mayi anga, mmisiri wokhoma maboti ku Mbungo. Chiyambire ine ndikukwawa, maboti ambiri a mbali imeneyo anadutsa m'manja mwawo. Sankafuna zambiri pamoyo. Ankangofuna kuti tsiku lowaika m'manda anthu adzanene kuti wapita Barnaba mmisiri, basi. Chimenecho ndicho analandidwa. Anafa akutchedwa Komanda, dzina limene anawapatsa ndi anthu oonera filimu ya Joramu, ndipo anadana nalo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Pa maliro awo anyamata anayi a gulu la filimulo anabwera atavala magalasi akuda. Bokosi litatsikira pansi, mmodzi anagunditsa zidendene n'kuchita sawatcha, anzake akuseka chapansipansi. Nditacheuka ndinaona Joramu atakweza foni m'mwamba, akujambula. Ati unali ulemu womaliza. Ndinamuuza pamaso pa anthu onse kuti atsitse dzanja lakelo ndisanalithyole, ndipo amenewo ndiwo mawu omaliza amene anamva kuchokera kwa ine.

Amalume anali munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu, pensulo kukhutu ngakhale Lamulungu. Ukali wawo wonse unali pa ntchito yosalongosoka. Akafika pakhomo pa munthu, asanapereke moni ankayamba ayendetsa chala chachikulu pa feremu ya chitseko, ndipo nkhope yawo inkanena zonse. Tsiku lina pa maliro ku Yofu anadzutsa azibambo atatu pa benchi, kulitembenuza, n'kuyamba kuzula misomali yopindika, uku akung'ung'udza kuti amene analikhoma ayenera kuti ankadana ndi matabwa. Wolikhomayo anali pomwepo, ndipo ndiye anali wofedwa. Anakhala osalankhulana zaka ziwiri, koma benchilo likugwira ntchito mpaka lero.

Panali zizolowezi zina zimene tinkangoziona osazimvetsa. Sankakhala chofulatira njira. Paliponse ankafuna khoma kapena mtengo kumsana kwawo, ife n'kumati akudikira makasitomala. Khirisimasi ikafika, ana akayamba kuphulitsa makombola, iwo ankanyamula khasu n'kukasowera kumunda wa chinangwa, ati udzu wawapitirira. Ndipo sankalola chitsulo kuloza munthu. Ukamalankhula uku mpeni uli m'manja ukuloza mnzako, mbama inkafika padzanja usanamalize mawu. Ine ndinailandirapo ndili kale mayi wa ana awiri, chifukwa cha kampeni kotumbulira utaka.

Chilumba chonse chinkadziwa kuti ali mnyamata anakhala zaka zinayi ku Halale. Azibambo ambiri kwathu kuno anapita kumeneko ndi ku Joni, n'kubwerako ndi masutikesi, zipewa, njinga ndi mawu achilendo otiopseza nawo. Amalume anabwerako ndi kabudula mmodzi ndi mapazi ong'aluka. Anthu anamaliza okha nkhaniyo, kuti ndalama zinathera kwa akazi a m'tauni. Iwo sanatsutse. Zaka zonsezi analola kusekedwa ngati chitsiru chodyeredwa, ndipo pa bawo anzawo amene anakhaladi ku Halale akawafunsa komboni imene ankagona, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya phula pamoto.

Mafilimu anakumana nawo chifukwa cha mabenchi. Ku Chipyela, kuseri kwa msika, kuli chisakasa cha malata chimene amaonetseramo vidiyo kuyambira masana. Mwini wake anawaitana kuti akonze mabenchi amene anyamata anathyola podumpha ndi chisangalalo. Amalume ankagwira ntchito filimu ili mkati, atagwada kumbuyo ndi hamala, ndipo sipanatenge nthawi anayamba kukangana ndi kanemayo. Aliyense amadziwa mafilimu amene amakondedwa mmenemo: akita mmodzi, mfuti ziwiri m'manja, adani makumi akugwa ngati mango a mphepo, uku mnyamata womasulira m'Chichewa akuthirira nthabwala pa imfa iliyonse.

Ankati zonsezo n'zabodza, ndipo ankanena mokweza. Ankafunsa kuti mfuti yanji imene ikulira nthawi yokwanira kuphika chinangwa osatha zipolopolo, mpope wake osamuwotcha mwini. Ankati amene akuombera ndi dzanja limodziyo akanathyoka dzanjalo kalekale. Ankati munthu akaombera m'chipinda amagontha tsiku lonse, pamene awa akungomaliza n'kuyamba kunong'onezana za chikondi. Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri ndi kafedwe kake. Ankati palibe amene amafa choncho, kugwa bwinobwino n'kutseka maso ngati wagona; wolasidwa m'mimba amaitana mayi ake mpaka dzuwa kusuntha, ndipo amapempha madzi kwa yemwe wamuomberayo. Anyamata ankafa ndi phwete. Ankafunsa ngati ku Halale matabwa ankaomberana. Mapeto ake mwini chisakasa anawapempha kuti azibwera m'mawa, kanema asanayatsidwe.

Tonse tinamva mawu amenewa, ine ndemwe, ndipo palibe anadzifunsa kuti mmisiri wa maboti wadziwa bwanji zimene munthu wolasidwa m'mimba amapempha. Tinkati ndi ukali wawo wa nthawi zonse, kuti apeza benchi lina lokhomedwa molakwika. Ugonthi umenewu umandikwiyitsa pa ine mwini.

Joramu ndi wamng'ono kwa ine, koma si mwana. Ndi bambo wa ndevu zake, amakonza mafoni pa kakauntala ku Chipyela. Atapeza foni yojambula bwino anasonkhanitsa anzake kuti apange filimu yawoyawo ya zigawenga, ngati zimene amaonera. Zimenezo ndinalibe nazo vuto. Mfuti zawo zinali zoseketsa: chidutswa cha thabwa, paipi yamadzi yomangirira ndi mphira, zopakidwa makala a m'mabatire. Joramu anapempha amalume kuti amusemere imodzi yooneka bwino ya mkulu wa zigawenga. Anakana katatu, kachitatuko ndi mawu oti sindingawalembe pano.

Apa ndi pamene ndimati mlongo wanga si wopusa ayi, ndi wochenjera moipa. Ankawadziwa amalume pofooka pawo. Anatenga mfuti yonyansitsitsa mwa zonse, ya misomali yotulukira mbali inayo, n'kukaiiwala dala pa tebulo lawo logwirira ntchito. Inakhala pamenepo masiku atatu. Amalume ankaizungulira, kuisuntha, kuivindikira ndi chiguduli, kuivundukulanso. Tsiku lachinayi anaiponya pamoto n'kusolola chidutswa cha mlombwa chimene chinatsala pokhoma boti la munthu wina.

Anaisema milungu itatu. Joramu anawabweretsera zithunzi mu foni kuti aziyang'anira, iwo sanaziyang'ane n'komwe. Kabokosi ka zipolopolo, kopindika kaja, anakapanga koti kazichoka ndi kubwerera, kakulira khwa polowa. Kachitsulo ka m'mbali anakasema koti kazikwera ndi kutsika. Chokokera kumbuyo anachilumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chizibwerera chokha. Itatha anainyamula, kupukusa mutu, ati yapepuka. Anaiboola mkati n'kuthiramo mtovu wa maukonde, kuinyamulanso, kuonjezera, mpaka dzanja lawo litavomera. Sikelo sanaigwiritse ntchito.

Tsiku lina ndinawapeza akung'amba dala thako la mfutiyo, n'kumanga mng'aluwo ndi waya mosamala kwambiri. Ndinaseka, n'kufunsa kuti chiyambire liti a Barnaba kuononga chinthu chatsopano. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti ndi mmene inalili. Ndinaganiza kuti akunena ya m'filimu ina imene anaona ku chisakasa kuja, ndipo ndinapitiriza ulendo wanga.

Anaika malamulo awiri. Mfutiyo azibwera nayo okha pojambula n'kubwerera nayo okha, ndipo isaloze munthu. Ilozetsedwe kumwamba, kumchenga, kunyanja, koma osati munthu. Joramu anavomera zonse, mpaka kulumbira.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera kale, pamchenga pafupi ndi pogwirira ntchito pawo. Ine ndinalipo chifukwa Joramu anandipempha kuti ndiphikire anthu ake chinangwa. Maboti a tsidya, a ku Mozambiki, anali atangokocheza ndi nkhuni monga amachitira, amayi akutsitsa mitolo. Gawo limene ankajambula linali loti mkulu wa zigawenga wagwira mtsikana, ndipo akita akubwera kudzamupulumutsa. Mkulu wa zigawengayo anali Sitefano, mnyamata wamtali wogulitsa mafuta a injini. Amalume anakhala pa chitsa, msana ku boti, maso pa mfuti yawo. Anauzidwa kuti Sitefano aopseza poombera kumwamba. Koma ndinaona ndi maso anga Joramu akumunong'oneza Sitefano kanthu asanayambe.

Mtsikanayo anagwada. Sitefano anazungulira kawiri akulankhula zodzitama, kenako anatsitsa mfuti n'kuika kamwa la mfutiyo kuseri kwa khutu la mtsikanayo.

Sindinaone mmene amalume anadzukira. Munthu amene ankadandaula mawondo m'mawa uliwonse anali atafika kale, mfuti ili m'manja mwawo. Zimene manja awo anachita sindidzaziiwala. Chala chinakweza kachitsulo kaja, kabokosi kanachoka, chokokera chinabwerera kumbuyo, diso linasuzumira mkati, zonsezo mpweya umodzi, kamwa la mfuti lili pansi. Ankatsitsa zipolopolo mu thabwa limene anasema okha. Ndipo pakamwa pawo panatuluka mawu amene sitinawamvepo, a Chipwitikizi, awiri kapena atatu, afupiafupi, ndi liwu limene silinali lawo. Sitefano sanamve kanthu, anangoti kukamwa yasa.

Amene anamva anali kumbuyo kwathu. A Rozina, mayi wachikulire wa tsidya amene takhala tikugula nkhuni kwa iwo zaka zambiri, anali akudutsa ndi mtolo pamutu. Mtolowo unagwa. Iwo anagwada pomwepo, manja onse kuseri kwa mutu, nkhope kumchenga. Palibe anawaloza, palibe anawayang'ana n'komwe. Thupi lawo linangomvera lokha. Chitenje chawo chinanyowa, mchenga n'kuda pansi pawo.

Amalume atacheuka n'kuwaona, anaika mfuti pansi pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pafupi nawo, n'kugwada nawonso.

"Imilirani, amayi. Ni thabwa chabe."

A Rozina sanadzutse mutu. "Nijiwa kuti ni thabwa," anatero. "Koma mawuwo si thabwa."

Anthu ankayang'ana pansi, chifukwa aliyense wa zaka zake anazindikira nthawi yomweyo kumene mawu otere anaphunziridwa, ndi kumene kagwadidwe kotere kanaphunziridwa. Nkhondo ya tsidya ija sitinaione pa kanema ife. Utsi wake unkaoneka tili pakhomo, ndipo othawa ake anagona m'makonde mwathu. Munthu mmodzi yekha ndiye sanayang'ane pansi. Joramu anali akujambulabe, ndipo ndinamuona akusuntha pang'ono cham'mbali kuti onse awiri alowe bwino m'chithunzi.

Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kuwafunditsa a Rozina, amayi anzawo n'kuwatengera ku boti. Joramu analonjeza tsiku lomwelo, pamaso panga ndi pa amalume, kuti gawo limenelo alifufuta. Anachita kutionetsa chala chikudina pa foni.

Patatha mwezi filimu inatuluka ku chisakasa kuja. Gawo lija linalimo, ndipo ndilo linali pachimake. Analichedwetsa kuti manja a amalume aoneke bwino, kulibwereza katatu, kuthirapo nyimbo ndi kulira kwa mfuti kumene kunalibe. Womasulira uja anaikapo mawu ake, kuti tsopano walowa Komanda mwini wake, woti amayi akangomva liwu lake amadzikodzera. Anthu anaimirira pa mabenchi amene amalume anakonza, akuimba malikhweru. Sabata isanathe kachidutswako kanali m'mafoni a chilumba chonse.

Ndimafunsa mpaka lero kuti anthu inu munkaseka chiyani. Nkhalamba ziwiri zinavulidwa pagulu, wina manyazi ake, wina mantha ake, inu n'kumatafuna mtedza. Ena mwa oseka aja agogo awo anawoloka nyanja yomweyi akuthawa mawu omwewo. Ana anayamba kusewera masewerawo m'njira ndi mitengo ya chinangwa, wina kukhala Komanda, wina kugwada manja kumutu. Akuluakulu nawo, omwe aja ankaseka za akazi a ku Halale, anatembenuka tsiku limodzi n'kumati ankadziwa kalekale. Nkhani zinakula zokha. Uyu akuti anatentha mudzi, uyo akuti anali ndi asilikali ake. Msodzi wina anabwera kudzatenga matabwa ake boti lisanayambike, ati boti lokhomedwa ndi manja a magazi silipha nsomba, chikhalirecho bambo ake analera ana onse ndi boti la manja omwewo. Amene ankabwerabe ankabwera kudzaonerera, ena n'kumapempha kuti awachitirenso zija za manja.

A Rozina sanapondenso pachilumba pano. Nkhuni anayamba kubweretsa ndi mpongozi wawo, amene anandiuza kuti mayiwo sangatsike pamalo pamene ana amawagwadira mowanyoza. Amalume anamutuma kawiri ndi mawu opepesa. Yankho silinabwere, ndipo amalume anati mayiwo ali ndi ufulu wosayankha.

Tsiku lina Lachitatu anavala jekete lawo la ku tchalitchi n'kuyamba ulendo wapansi wa ku Chipyela. Ndinawatsatira chifukwa chifuwa chinali chitawayamba kale. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Akafuna mphwake amangotuma mawu, mphwakeyo n'kubwera akuthamanga. Koma a Barnaba anayenda okha mtunda wonsewo, n'kukaima pa kauntala ya mafoni pakati pa makasitomala, chipewa chili m'manja, kudikira kuti Joramu amalize kumasula foni ya munthu. M'njira monse anyamata anali akuwaitana dzina lija.

"Joramu, mwana wa mlongo wanga," anatero, "nibwezere jina langa."

Joramu sanaimirire n'komwe pampando. Anati filimuyo ili kale m'mafoni a anthu, ngakhale a ku Joni aiona, ndiye iye afufuta bwanji. Anati gawo lija ndilo linapatsa moto filimu yonse, kupanda ilo bwenzi anthu atagona. Kenako anamwetulira, monga munthu wopereka mphatso.

"Komanso mwatchukatu, amalume. Anthu akufunsa gawo lachiwiri."

Amalume anavala chipewa chawo n'kutembenuka. Ine ndinatsala pang'ono, ndipo zimene ndinamuuza mlongo wanga tsiku limenelo azimayi a mumsika amazikumbukira. Sizinathandize kanthu. Titafika ku Mbungo anatenga nkhwangwa n'kuiwaza mfuti ija, ntchito ya milungu itatu. Mtovu anautola n'kupatsa msodzi woyandikana nawo, zotsalazo anasonkhezera phula. Joramu atamva anadandaula kwa abale kuti amalume aononga katundu wa gulu.

Anandiuza nkhani yawo kamodzi kokha, masana ena akunola zida zimene panalibenso ntchito yozigwiritsira. Sindinawafunse, anangoyamba. Ku Halale sanapondeko chibadwire. Anawoloka kupita tsidya kukathandiza wachibale kukhoma chombo, nkhondo ili mkati, poganiza kuti za m'tchire sizifika kunyanja. Anthu a mfuti anafika m'mawa wina n'kutenga aliyense wa mikono. Poyamba ankasenza katundu. Kenako anapatsidwa mfuti ya munthu amene anafa dzulo lake, yong'aluka thako, yomangidwa ndi waya. Anakhala nayo zaka zinayi, kugona nayo, kuipukuta, kumenyedwa ikachita dzimbiri. Mawu aja anawaphunzira powamva, kenako powanena. Atapeza mpata anathawa pa bwato la eni. Atafika, mayi awo, agogo anga, anawatsekera m'nyumba n'kuwauza kuti pachilumba padzaza anthu othawa amene angawazindikire, ndiye kuyambira lero anali ku Halale ndipo ndalama anadya ndi akazi. Bodza limenelo anawasankhira ndi mayi awo owabereka, ndipo analisenza mosadandaula.

Ndinafunsa funso limene aliyense akanafunsa. Anasiya kunola, n'kuyang'ana mwala wonolerawo.

"Marita, mfuti ya m'kanema imasankha woipa. Yanga sinkasankha."

Kenako anapitiriza kunola.

Musandimve ngati ndikuwayeretsa. Nawonso ndinawakwiyira, ndipo mbali ina ndikadawakwiyirabe. Ndinawakwiyira chifukwa cha kunyada kwa umisiri kumene kunawalepheretsa kusiya mfuti yonyansa ikhale yonyansa. Akanangoiponya pamoto n'kusiyira pomwepo, bwenzi lero tikunena zina. Ndinawakwiyira chifukwa cha a Rozina, ndi ena onga iwo amene sindidzawadziwa, amene anagwada pamaso pa liwu lija pamene mfuti sinali thabwa. Ngati pali wina woyenera kuwazenga mlandu a Barnaba, ndi mayi ameneyo, ndi Mulungu amene amalume ankamugwadira Lamulungu lililonse pa benchi la kumbuyo kwenikweni. A Rozina akanabwera kudzawalavulira kumaso, ndikanangoima pambali. Koma anthu a ku chisakasa aja sanawazenge mlandu ayi. Mlandu ukanakhala ulemu. Anawasandutsa akita, n'kuwaombera m'manja pa chinthu chokhacho chimene anakhala moyo wawo wonse akuyesa kuchikwirira ndi matabwa.

Miyezi yawo yomaliza sankatuluka. Ku bawo anasiya, ku maliro a anthu anasiya, ku tchalitchi ankapita mapemphero atayamba n'kutuluka asanathe. Chifuwa chitakula ndinawatengera ku chipatala, ndipo ngakhale mmenemo wodwala mnzawo wa bedi loyandikana anawazindikira, n'kuitana abale ake kuti adzaone Komanda. Amalume anatembenukira kukhoma. Ndikamawamwetsa phala ankandifunsa ngati filimu ija anthu atopa nayo, ine n'kumawanamiza kuti inaiwalika. Ankadziwa kuti ndikunama, chifukwa ana ankadutsa kunja kwa zenera. Anamwalira Lolemba masana, ine nditapita kukachapa zofunda zawo.

Sabata yatha ndinagula matumba atatu a simenti ya chiliza ku Chipyela. Kuwasenza wapansi sikukanatheka, ndiye ndinakwera boti la injini limene limazungulira kutsitsa anthu ndi katundu m'midzi. Pamene amalume ankagwirira ntchito pali kadooko pakati pa miyala iwiri, ndipo chiyambire kale aliyense wotsika pamenepo ankangoti atsikira pa Barnaba. Titayandikira, bambo wotolera anthu anaimirira kutsogolo n'kufunsa ngati alipo wotsika pa Komanda. Ndinkadikira kuti mwina wina mwa akuluakulu amene anali m'botimo amukonza, koma onse ankangoyang'ana madzi. Anafunsanso kachiwiri, woyendetsa atayamba kale kukhotetsa kuti apitirire. Dooko lotsatira lili kutali ndi manda, ndipo matumba atatu a simenti si mtolo wa nkhuni. Ndinakweza dzanja.

Ananditsitsira matumbawo pamchenga n'kupita. Pamalopo palibe wasesa chichokereni mwini wake. Tebulo logwirira ntchito lidakalipo pansi pa mtengo wa mango, silikugwedera ngakhale pang'ono, koma mbuzi zaliyesa pogona. Zipalapala za matabwa zimene zinkafika m'akakolo zinaola n'kumera udzu. Chitini cha phula chadzaza madzi a mvula. Boti limene analiyamba lomaliza laima pa mitengo yake, nthiti zokhazokha, matabwa awiri okha apansi ndiwo anakhomedwa, ndipo palibe wabwera kudzati ndi lake. Kuzungulira tebulolo mchenga ndi wopondedwapondedwa ndi nsapato, chifukwa alendo akatsika sitima anyamata amawabweretsa kudzajambulitsa pamenepa. Ndinakhala pa thumba la simenti kudikira omanga, ndipo bambo wina wodutsa ndi ukonde paphewa anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ngati ndine mphwawo wa malemu aja. Anaima kaye, akufunafuna dzina, kenako anangoloza tebulo ndi chibwano.